Ndeke Zofiira za m'Mafilimu ndi Nkhondo Yeniyeni

Ana athu ambiri amayamba kudziwa za nkhondo poonerera mafilimu, asanatsegule ndi buku lomwe la mbiri yakale. Mwa mafilimu onsewo, okopa maso koposa ndi aja oonetsa ndeke za m'Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, ya mu 1914 mpaka 1918: tindeke ta matabwa ndi nsalu tikupirikitsana m'mitambo ya ku France. Mwezi uno tifuna kuona kuti zimene timaonererazo n'zoona mpaka pati, ndiponso kuti ndi bodza liti limene tingalikhululukire ndi liti limene tiyenera kulikana.

Tiyambe ndi zolakwa zing'onozing'ono. Filimu ya Flyboys ya mu 2006 imasimba za gulu la Lafayette Escadrille, anyamata a ku America amene anadzipereka kumenyera nkhondo dziko la France kuyambira mu 1916, dziko lao lisanalowe m'nkhondoyo. Zina zooneka ngati nthano m'menemo n'zoona ndithu: gululo linali kuwetadi ana a mikango awiri, Whiskey ndi Soda. Koma adani ao a ku Germany pafupifupi onse akuoneka m'ndeke zofiira za mapiko atatu osanjikizana, zochedwa Fokker Dr.I. Ndeke za mtundu umenewu zinafika kunkhondo cakumapeto kwa 1917, zinapangidwa 320 cabe, ndipo zambiri sizinali zofiira ai. Opanga filimu anafuna kuti woonerera azindikire msanga mdani. Pamenepa sitiwaimba mlandu waukulu.

Palinso za injini. M'ndeke zambiri za nthawi imeneyo injini yonse inali kuzungulira pamodzi ndi pulopela, nkumamwaza mafuta a nsatsi kumaso kwa woyendetsa. Kansalu ka m'khosi kaja, kamene m'mafilimu kamaoneka ngati kodzikongoletsera, kanalinso kopukutira magalasi. Ndipo aliyense wodziwa nsatsi adziwa zimene mafuta ake amacita akalowa m'mimba.

Colakwa colemerapo cikhudza munthu wakuda amene filimu yomweyo imamuika m'gululo. Mwini nkhani weniweni anali Eugene Bullard, wobadwira ku Georgia, amene anavulala pa nkhondo ya ku Verdun mu 1916 nadzayendetsa ndeke mu 1917 m'magulu ena a France. America italowa m'nkhondo, inalandira anzake oyera koma iye inamkana cifukwa ca khungu lake. Udindo wa ofisala anampatsa mu 1994, patapita zaka 33 cimwalirire. Filimu ikafewetsa nkhani yotere, imabisa bala limene linayenera kuonekera.

Koma bodza lalikulu ndi lija lotiuza kuti nkhondo ya m'mlengalenga inali masewera a anthu aulemu. Filimu ya The Red Baron ya mu 2008 imaonetsa Manfred von Richthofen ngati mnyamata wacifundo wofuna kugwetsa ndeke popanda kupha munthu, wocezanso mwaubwenzi ndi mdani wake Roy Brown wa ku Canada. Awiriwa sanacezepo. Richthofen anagwetsa ndeke 80, zambiri mwa izo ali m'ndeke ya Albatros, ndipo pa iliyonse anali kuitanitsa kacikho ka siliva ka cikumbutso, mpaka tizikhoto tinafika 60 siliva atasowa ku Germany. Anali mlenje, ndipo luso lake linali kudzera kumbuyo kwa munthu wosayembekezera ndi kumuombera ali pafupi. Anafa pa 21 Epulo 1918 pafupi ndi mtsinje wa Somme, ali ndi zaka 25. Ulemu wa kumupha unapatsidwa kwa Brown, ngakhale akatswiri ambiri a mbiri tsopano akhulupirira kuti cipolopoloco cinacokera pansi, kwa asilikali a ku Australia. N'zoona kuti adani akewo anamuika m'manda mwaulemu, ndi nkhata za maluwa. Koma maliro aulemu amodzi sasintha imfa za anyamata amene anapsera m'ndeke zao.

Inde, kupsa. Ndekezo zinali za matabwa ndi nsalu yopakidwa mankhwala osacedwa kugwira moto, ndipo thanki ya petulo inali pafupi ndi woyendetsa. Oyendetsa ndeke a ku Britain sanapatsidwe parachute, ambulera ija yotsikira nayo pansi, kufikira nkhondo inatha. A ku Germany anayamba kulandira mu 1918 mokha. Ndeke ikayaka, munthu anali kusankha pakati pa moto ndi kudziponya pansi. Mu Epulo 1917, pa nkhondo ya ku Arras, gulu la Royal Flying Corps la Britain linataya ndeke 245 m'mwezi umodzi, ndipo amuna oposa 200 anafa kapena kusowa.

Ambiri mwa amenewa sanali ngwazi zimene mafilimu amatamanda. Anali m'ndeke zoyenda pang'onopang'ono za anthu awiri, akujambula zithunzi za maenje a adani ndi kuuza oombera mizinga kumene mabomba ao akugwera. Imeneyi ndiyo inali nchito yaikulu ya ndeke: kukhala diso la mzinga. Ngakhale kuno ku Africa zinali conco. Mu Julaye 1915 ndeke ndizo zinalondolera mizinga ya zombo za Britain imene inaphwanya sitima ya nkhondo ya Königsberg, yobisala m'mathiriro a mtsinje wa Rufiji, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Woyendetsa ndeke sanali kutali ndi matope ndi magazi a pansi. Anali kuthandiza kuti mzinga usaphonye.

Sikuti mafilimu onse amanama. Aces High ya mu 1976 imatsata mnyamata wongocoka kumene kusukulu kwa masiku owerengeka amene akhala ndi moyo m'gulu lake, ndipo imaonetsa mtsogoleri wao akumwa mowa kuti apirire mantha. Filimu yotere siyosangalatsa ngati zinazo, koma siimunamiza mwana.

Akuluakulu anati cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere. Sitikuti makolo aletse mafilimu amenewa. Tikuti akhale pansi ndi kuonerera pamodzi ndi ana ao. Ndeke ikagwa ikufuka utsi, ana nkuomba m'manja, ndiyo nthawi yofunsa kuti: "Kodi munali ndani m'menemo? Nanga amai ake anauzidwa ndi yani?" Mtundu wa penti ya ndeke tingausiyire akatswiri, koma za mtengo wa moyo wa munthu, mwana ayenera kuzimva kwa ife.