Mwana Akasowa, Lilime Lisathamange Kuposa Miyendo

Kholo lililonse linakhalapo mtima uli phaphapha litacheuka n'kupeza kuti mwana palibe pamene amasewera. Kawirikawiri timakamupeza kuseri kwa nkhokwe kapena kwa aneba, timamukalipira pang'ono, nkhani n'kuthera pompo. Mwezi uno ndikufuna tikambirane za banja lina la mumpingo wathu womwewu limene mwana wake sanapezekenso. Kuwonjezera pa maliro opanda mtembo, banjali linasenzanso mlandu wakupha.

Abusa Michael Chamberlain ankatumikira mpingo wa Seventh-day Adventist ku Mount Isa, tauni ya migodi ku Australia. Mu August 1980 iwo ndi akazi awo, mayi Lindy, anatenga ana awo atatu kukapuma ku Uluru, chimwala chachikulu chimene chili pakati pa chipululu, kutali kwambiri ndi matauni. Pa nthawiyo ambiri ankachitchula kuti Ayers Rock. Madzulo a Lamulungu pa 17 August, mayiwo anagoneka khanda lawo la masabata 9, dzina lake Azaria, mutenti, n'kubwerera pamene anthu ankaphikira. Posakhalitsa panamveka kulira kwa mwana. Atathamangirako anaona dingo, galu wakutchire wa m'dzikolo, akutuluka mutentimo. Pogona pa mwana panali popanda kanthu.

Usiku womwewo anthu pafupifupi 300 anasakasaka ndi matochi. Akatswiri olondola mapazi a mtundu wa Aborigine, eni dera limenelo, anaona mapazi a dingo ndiponso malo amene zinkaoneka kuti nyamayo inatulapo katundu pamchenga. Mkulu woyang'anira malowo anali atachenjeza kale akuluakulu ake kuti agaluwa asiya kuopa anthu. Patatha sabata imodzi, mlendo wina anapeza zovala za mwanayo zili ndi magazi, pa mtunda wa makilomita pafupifupi anayi. Wapolisi amene anafika pamalopo anazigwiragwira asanazijambule. Mayi Lindy ananena kuti pamwamba pa zovalazo mwana anavala kajuzi koluka, koma kajuziko sikanali pamenepo.

Mu February 1981, khothi lofufuza za imfa ku Alice Springs linagamula kuti mwanayo anatengedwa ndi dingo. Nkhani ikanathera pomwepo, koma kunja kwa khothi mlandu wina unali utayamba kale. Anthu ambiri m'dzikolo sankawadziwa Aadiventi, ndipo chimene munthu sachidziwa amachipekera nkhani. Kunamveka mphekesera yakuti dzina loti Azaria limatanthauza nsembe ya m'chipululu, pamene kwenikweni ndi dzina lachiheberi lonena za thandizo la Yehova. Ena ankati mpingo wathu umapereka ana nsembe. Ena ankaloza kadiresi kakuda kamene mwanayo anavalapo tsiku lina. Ena ankati mayi wanji wosalira pa TV. Mayiwo ankalankhula modekha, n'kumanena kuti akudalira Mulungu, ndipo anthu anatenga kudekhako ngati umboni wa mtima wouma.

Apolisi anatsegulanso nkhaniyo, ulendo uno maso awo ali pa makolo. Anapima galimoto ya banjalo, ndipo katswiri wina wa boma ananena kuti wapezamo magazi a khanda. Oimira boma pamlandu anauza khothi kuti m'mphindi zosapitirira khumi mayiwo anacheka mwana pakhosi ali pampando wakutsogolo wa galimoto, n'kubisa mtembo m'chikwama cha kamera, n'kubwerera kwa anzawo ngati palibe chachitika. Panalibe mtembo, panalibe amene anaona, panalibenso chifukwa chimene anachitira zimenezo. Mayi wina amene anali nawo pamalo ophikira anachitira umboni kuti anamva mwanayo akulira mayi Lindy ali pompo. Za kajuzi kaja, boma linati n'zongopeka. Pa 29 October 1982 khothi la ku Darwin linawapeza olakwa n'kuwalamula kukhala m'ndende moyo wawo wonse. Anali oyembekezera, ndipo anabereka mwana wamkazi mwezi wotsatira ali mkaidi. Abusa anapezeka olakwa pa mlandu wothandiza kubisa, koma sanawatsekere. Apilo inakanidwa kawiri, mu 1983 ndi mu 1984.

Chimene chinatsegula chitseko cha ndende sichinali nzeru za munthu. Kumayambiriro kwa 1986, mlendo wa ku Britain anagwa pamwala wa Uluru n'kufa. Pofunafuna mtembo wake, anthu anatola kajuzi koluka ka khanda pafupi ndi mapanga a dingo. Kanali komwe kaja amati kulibe. Pa 7 February 1986 mayi Lindy anatulutsidwa, patapita zaka zoposa zitatu chiwapezereni olakwa. Kafukufuku wa boma amene anatsogolera woweruza Trevor Morling anasonyeza mu 1987 kuti umboni wa magazi uja unali wosadalirika. Chimene ankati ndi magazi othovoka pansi pa dashibodi anali mankhwala amene amapopera kufakitale kuti m'galimoto musamamveke phokoso. Mu September 1988 khothi linafafaniza milandu yonse iwiri, ndipo mu 1992 boma linapereka chipukutamisozi cha madola a ku Australia 1.3 miliyoni. Koma ukwati wawo unali utatha kale mu 1991. Chikalata cha imfa cholemba kuti mwana anaphedwa ndi dingo chinatuluka pa 12 June 2012, patapita zaka pafupifupi 32, ana ena atalumidwa ndipo wina ataphedwa ndi agalu omwewo.

Tisamve molakwa, abale ndi alongo. Apolisi sanalakwe pofunsa makolo. Mwana akasowa pamalo akutali ngati pafamu, kudimba kapena kumudzi wa nyumba zochepa, anthu amene anali pafupi amakhala ochepa, ndipo wofufuza aliyense amayambira pa iwo. Zimachitikadi kuti amene wapweteka mwana ndi wa m'nyumba momwemo, ndipo kukhala wa Sabata sikuyeretsa munthu. Mpingo usabise aliyense pofuna kuteteza dzina lake. Pamene panalakwika m'nkhaniyi mpakuti ofufuza anayamba ndi yankho, kenako n'kumatola zokhazo zogwirizana nalo. Olondola mapazi aja sanawalabadire. Mboni zimene zinali pamalopo anazikhulupirira pang'ono kuposa katswiri wa m'labotale amene sanaliko. Ndipo yankho limene anayamba nalolo linali litaphikidwa kale m'makambirano a anthu wamba.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife. Kuno kwathu mwana akasowa, kapena akamwalira mosadziwika bwino, pasanathe tsiku timakhala titamupeza kale wolakwa. Kawirikawiri amakhala gogo wokhala yekha, mayi wopeza, kapena mlendo amene wangobwera kumene. Tonse tikukumbukira mmene mphekesera za anamapopa zinaphetsera anthu ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017. Masiku ano chithunzi cha munthu chimazungulira pa WhatsApp, ngakhale pagulu la mpingo, apolisi asanafike n'komwe. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ife amene timaphunzitsa ana malamulo khumi tizikumbukira kuti lachisanu ndi chinayi, loletsa umboni wonama, limagwiranso ntchito pa uthenga umene tangoutumiza kwa ena tisanautsimikize. Anthu a mpingo umene unanamiziridwa kuti umapereka ana nsembe asakhale oyamba kuloza mnzawo chala cha ufiti. Ndipo malamulo a dziko lino amaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti.

Nanga tichite chiyani zikatigwera? Maola oyambirira ndi amtengo wapatali, choncho mphamvu zipite kumiyendo. Yambani ndi malo amene angaphe msanga: zitsime, madamu, mtsinje, chimbudzi chokumba, maenje a njerwa odzaza madzi. Mwana wamng'ono akachita mantha amatha kubisala osayankha ngakhale akumva dzina lake, ndiye suzumirani ndithu, musangoitana. Wina athamangire kwa amfumu, wina aimbire apolisi nthawi yomweyo, osadikira kuti kuche. Nambala ya 116 yothandiza ana ndi yaulere. Nenani zovala zimene anavala, nthawi imene anaoneka komaliza ndi amene anamuona, ndipo perekani chithunzi chaposachedwa. Mukapeza mapazi, nsapato kapena chovala, musapondepo, musanyamule, musachape. Ikanipo munthu alondere mpaka apolisi afike. Ngati pali chimene mwaona ndi maso anu, kanenani kupolisi, osati pachitsime. Ngati mwangomva, khalani chete.

Kupewa nakonso kulipo. Kumisasa, kumaliro ndi kuukwati ndi kumene ana amasowa kwambiri, chifukwa aliyense amaganiza kuti mwana ali ndi wina. Mukamusiya, mutchuleni dzina amene mwamusiyira, ndipo iye avomere. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri si mlezi wa khanda pafupi ndi madzi kapena kutchire kumene kuli afisi.

Chomaliza ndi cha ife oyandikana nalo banja logwidwa ndi tsokali. Musayeze chisoni cha munthu ndi kuchuluka kwa misozi. Wina amagubuduka pansi, wina amangoti duu, wina amaimba nyimbo. Zonsezi sizinena kanthu za mlandu. Amayi a Dorika apite ndi ufa ndi nkhuni, madikoni akathandize kusaka, akulu a mpingo aperekeze makolo kupolisi, ndipo ana otsala asaiwalike, pakuti nawonso amamva zimene anthu akunena za amayi awo. Ana aamuna awiri a banja la Chamberlain anali ndi zaka 6 ndi 4 usiku umene mlongo wawo anasowa, ndipo anakula akumva dziko lonse likukangana za mayi awo.

Abusa Michael Chamberlain anamwalira mu 2017, patangopita zaka zosakwana zisanu chilandirireni chikalata chija. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsiku limene mfuu idzamveke m'mudzi mwathu kuti mwana wasowa, titenge tochi tikasake, ndipo chigamulo tisiyire amene ali ndi umboni.