Ndalama Zimene Zili Pakati pa Tebulo Si Zanunso

Abale ndi alongo, makamaka inu ana athu amene muli ku Joni, mundilole lero ndikhale nanu pa tebulo la njuga ija amati poker. Musadabwe kuti ndaidziwira kuti. Anandifotokozera ndi mphwanga amene malipiro ake a miyezi iwiri anathera pamenepo, ndipo ndinamumvetsera mpaka usiku.

Tiyerekeze kuti ndi Lachisanu, mwangolandira kumene. M'manja muli ndi makhadi awiri a mtima. Pa tebulo agwa anayi, awiri mwa iwo a mtimanso. Kwatsala khadi limodzi, ndipo likakhala la mtima mwakwanitsa asanu ofanana. Pakati paunjikana R1,200, ndipo R500 mwa imeneyo yatuluka m'thumba mwanu. Mnzanu wa kutsidya akukankha zonse zimene watsala nazo, R1,200 ina. Maso onse ali pa inu. Mulipira, kapena muponya makhadi pansi?

Tiwerengere limodzi. Makhadi onse alipo 52, a mtima 13. Mwaona kale asanu ndi limodzi, anayi mwa iwo a mtima. Ndiye kuti mwa 46 amene simunawaone, okupulumutsani ndi 9 okha, pafupifupi kamodzi pa kasanu. Mukachita zimenezi kasanu, mudzataya R1,200 kanayi, imene ndi R4,800, n'kupata R2,400 kamodzi. Ngakhale katswiri wa njuga wosapemphera adzakuuzani kuti ponyani pansi.

Nanga n'chifukwa chiyani dzanja likupita ku ndalama? Ndi R500 ija. Mtima ukunong'oneza kuti, ndingaisiye bwanji thukuta langa? Mbale wanga, ndalamayo inaleka kukhala yanu pamene munaikankhira pakati. Siikudziwaninso. Mukutuma mbuzi ziwiri zamoyo kuti zikalondole imene fisi anagwira kale. Palinso manyazi: mukuopa kuti mnzanuyo akungokuopsezani alibe kanthu, ndipo anthu akusekani. Anthu ake ati? Alendo amene mawa sadzakumbuka n'komwe nkhope yanu.

Ine sindinalembe izi kuti mukhale odziwa kusewera. Katekisimu Wamkulu wa Westminster, amene makolo athu a Chipresibateriya ku Scotland anamulandira mu 1648, amaika njuga yomwaza chuma pansi pa lamulo lachisanu ndi chitatu, loletsa kuba, ndipo ine ndikugwirizana naye. Mukapambana, mwadya lendi ya mnzanu. Mukagonja, mwadya feteleza wa amayi anu. Eni nyumbayo amatapa kagawo kawo pa mulu wa pakatiwo, kaya wapambana ndani.

Koma chimene chinandizizira m'nkhongono ndi ichi. Pa mpikisano wa poker, ndalama zosewerera zikakutherani amakudzutsani, mpando n'kupita kwa wina. Pa tebulo la ndalama zenizeni palibe belu lowerukira. Zikatha mumagula zina, ndipo makina otapira ndalama sakhala patali. Wokuuzani kuti basi kwada palibe, kupatula inu nokha, munthu wotopa amene mtima ukumuwawa.

Mphwanga uja anawerengera bwino usiku umenewo. Anaponya makhadi pansi, ndipo mpaka lero amanyadira kuti anasankha mwanzeru. Nditamufunsa kuti anadzuka nthawi yanji, anayang'ana pansi. Anakhalabe mpaka tambala woyamba, atapita ku makina aja katatu, foni ili yozimitsa m'thumba chifukwa mkazi wake ankaimba.