Galimoto za Magetsi: Nanga Zidzamwera Kuti?

Chaka ndi chaka, kumapeto kwa February, galimoto zambirimbiri zimakhamukira ku Mtenguleni ku mwambo wa Nc'wala, kumene Mfumu Yaikulu Mpezeni imalawa zakumunda zoyamba kucha. Zambiri zimachokera ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 500, ndipo mafuta akachepa woyendetsa amangokhotera pa Nyimba, Petauke kapena Katete. Tsono kuyambira mu 2024 boma linachotsa msonkho wolowetsera m'dziko galimoto ndi njinga zamoto zoyendera magetsi, pamodzi ndi zipangizo zake zotchajira. Nkhani yabwino ndithu. Koma kodi zimenezi zidzamwera kuti kuno kwathu?

Galimoto zambiri zotere sizingathe ulendo wonsewo batire isanafooke. Ndiponso kudzaza batire sikufanana ndi kuthira petulo: pa makina amphamvu pamafunika pafupifupi theka la ola, pa soketi ya m'nyumba usiku wonse, mwinanso kupitirira. Nanga magetsiwo alipo? Sitinaiwale chilala cha 2024, pamene madzi anaphwera ku Kariba ndipo ZESCO inkazimitsa magetsi mpaka maola 21 pa tsiku. Pamene ngakhale zigayo zinaima, galimoto ikanayenda bwanji?

Ife tikuona kuti pa nkhani imeneyi maso asamangokhala pa galimoto za olemera. Chimene chimafulumizira wodwala kuchipatala ndi kunyamula thumba la nshawa kupita kumsika ndi njinga yamoto, ndipo phindu la mnyamata woiyendetsa limathera ku petulo, amene kumidzi amagulidwa m'mabotolo pa mtengo wowawa. Batire ya njinga ndi yaing'ono, dzuwa likhoza kuidzaza. Ku Kigali, m'dziko la Rwanda, oyendetsa njinga sadikira n'komwe: amasiya batire yotha, natenga yodzaza kale, ulendo n'kupitirira.

Dzuwa ndiye sitisowa. Mu 2019 kampani ya ENGIE inatsegula malo opangira magetsi a dzuwa ku Chitandika, kuno kummawa, ounikira nyumba ndi masitolo popanda kudalira mawaya ochokera ku Kariba. Malo otere, ataikidwa pa msika kapena pafupi ndi chigayo, angakhalenso posinthira mabatire. Bungwe la Rural Electrification Authority, makhansala ndi mafumu athu ayambe kusankha malowo tsopano, ndipo anyamata a njinga akhale nawo pa zokambirana, pakuti ndiwo amadziwa mphambano iliyonse imene anthu amatsikirapo.