Mawu a Chigiriki Asatithawitse Kuchipatala

Odwala ambiri akalandira kapepala kochokera kwa opima magazi amaona mawu achilendo monga leukocyte, ndipo mtima umayamba kugunda. Ena amayesa kuti dzina likatalika ndiye kuti matendanso ndi aakulu, motero sabwereranso kudzamva malangizo. Ine ndikuti mantha otere ndi opanda pake, pakuti mawuwa akamasuliridwa amanena zinthu wamba.

Mawu ambiri a zachipatala anachokera ku Chigiriki. M'chinenerocho leukos ndiye kuti choyera, ndipo kytos ndi chotengera chokhala ndi mphako, dzina limene ophunzira anapatsa selo. Choncho leukocyte ndi selo loyera la m'magazi, amene ife timawatcha asilikali a m'thupi. Amapangidwa m'mafuta a m'mafupa, ndipo ntchito yawo ndi kulimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda. Ena mwa iwo amatchedwa phagocyte, kuchokera ku phagein, kudya, chifukwa amameza tizilomboto.

Munthu wamkulu wathanzi amakhala ndi asilikali pakati pa 4,000 ndi 11,000 m'maikulolita imodzi ya magazi, kadontho kochepa ngati kanjere ka mawere. Akachuluka, madokotala amati leukocytosis, ndipo kawirikawiri izi zimangosonyeza kuti thupi lili pankhondo ndi matenda monga chibayo kapena chithupsa. Akachepa amati leukopenia, pakuti penia ndi umphawi. Kachilombo ka HIV kamawononga gulu limodzi la asilikaliwa lotchedwa CD4, n'chifukwa chake womwa ma ARV sayenera kudumphitsa.

Pali dzina lina lofanana ndi awa limene tisalisokoneze nawo. Leukaemia, kutanthauza magazi oyera popeza haima ndi magazi, ndi khansa ya m'magazi. Dzinali analipereka Rudolf Virchow wa ku Germany m'chaka cha 1847. Munthu amene wauzidwa kuti ali ndi leukocytosis asaganize kuti ali ndi khansa, ndiponso asalole kuti mnansi amumasulire kapepala kake.

Tsono inu a bambo ndi a mayi, musatuluke m'chipinda cha dokotala musanamvetse zimene zalembedwa. Funsani kuti asilikali anu achuluka kapena achepa, ndi chimene muyenera kuchita. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Nafenso ogwira ntchito zaumoyo tili ndi udindo wofotokozera wodwala aliyense m'chinenero chake, pakuti wodwala amene wamvetsa ndiye amamaliza mankhwala ndi kubweranso pa tsiku limene wauzidwa.