Graphite wathu asatuluke ngati dothi

Abale athu amene anakhalako ku Joni akuidziwa kampani ya Sasol. Kuyambira 1955 yakhala ikupanga petulo kuchokera ku malasha, potsata njira imene Franz Fischer ndi Hans Tropsch anatulukira ku Germany m'ma 1920. Malasha amawatenthetsa ndi nthunzi mpaka atulutse mpweya wa carbon monoxide ndi hydrogen. Mpweyawo ukadutsa pa chitsulo kapena cobalt wotentha umasanduka mafuta, ngakhalenso gasi wopepuka ngati wophikira uja. Akatswiri ena akhala akuyesa kumwaza chitsulocho pa graphite, mwala wakuda umene uli m'kati mwa pensulo, popeza umapirira kutentha.

Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa graphite tili naye. Ku Kasiya, m'boma la Lilongwe, kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals inapeza mwalawu wochuluka zedi pamodzi ndi rutile, ndipo mu 2023 kampani yaikulu ya Rio Tinto inagulamo masheya.

Tsono pitani ku Golomoti mukaone. Mu 2022 kumeneko anatsegula malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20, okhala ndi mabatire aakulu osungira mphamvu. Mabatire a mtundu wotere amafuna graphite, koma athuwa tinagula kunja. Kunja kwa mpanda, m'mbali mwa msewu, mwandanda matumba a makala opita kwa ife a m'tauni, pamene mapiri a Mua akuyera. Amayi akuphikira makala chifukwa gasi ndi wodula, ndipo amadya ndalama zakunja zimene tilibe.

Ife sitikunena kuti fakitale ya gasi imangidwe mawa. Imafuna ndalama zankhaninkhani ndiponso anthu odziwa ntchitoyo. Anthuwo ndi amene tikuwafuna lero. Boma lionetsetse kuti m'pangano la Kasiya mwalembedwa kuti graphite aziyengedwa konkuno, ndi kuti gawo la phindu lizipita kophunzitsira achinyamata athu za chemistry ku Zomba ndi ku Thyolo. Panganolo likawerengedwe poyera ku Nyumba ya Malamulo.

Mgodi wa Kayelekera unatsegulidwa mu 2009 n'kuima mu 2014, ndipo Amalawi ambiri anatsala akufunsa kuti phindu lake linapita kuti. Aphungu athu, funsani tsopano, magalimoto onyamula mwalawo asanayambe ulendo wa ku Nacala.