Kulimba kwa denga kwagona pa msomali woyenera

Ntcheu, Mana: Nyengo ya dzinja ikamayandikira, anthu a ku Kasinje m'chigwa cha Bwanje, m'boma la Ntcheu, amakhala ndi nkhawa ndi mphepo ya mkuntho yomwe imasasula madenga a nyumba, sukulu ndi matchalitchi. Ambiri amaloza chala mphepoyo, komatu gwero lina la vutoli ndi misomali imene amisiri amakhomera madengawo.

Mphepo ikamawomba pamwamba pa malata imakokera denga m'mwamba. Chimene chimaligwira ndi lamba wachitsulo, yemwe amisiri amamutcha hoop iron, amene amamangiriridwa m'kati mwa khoma mizere ingapo ya njerwa n'kukulunga matabwa a denga. Lambayu sangapose mphamvu ya misomali yomwe yamugwira. Msomali waufupi umazuka, wowonda umapindika, ndipo mmisiri akakhoma umodzi pamene pafunika ingapo, mphamvu yonse ya mphepo imatsamira pamenepo.

Vuto lina ndi dzimbiri. Mankhwala ena oteteza matabwa ku chiswe amakhala ndi kopa, yemwe amadya msomali wamba mofulumira. N'chifukwa chake pa matabwa otere pamafunika misomali yokutidwa ndi zinki. Pa malata napo pamafunika misomali ya chipewa, yokhomedwa pamsana pa lata osati mu ngalande moyenda madzi.

Boma linatulutsa ndondomeko ya kamangidwe ka nyumba zolimba mu 2010, chivomezi chitagwetsa nyumba ku Karonga mu Disembala 2009. Namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023 anaonetsanso kufunika kwa ndondomekoyi. Komabe kumidzi nyumba zambiri zimamangidwa popanda woziyendera, ndipo mwini nyumba akawononga ndalama zambiri pa malata ndi simenti, amafuna kupulumutsa zotsalazo pa misomali, yomwe mtengo wake ndi wochepa pouyerekeza ndi wa denga lonse.

Bungwe la Malawi Bureau of Standards, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972, ndilo limaona ubwino wa katundu wogulitsidwa m'dziko muno. Ntchito yake ikuyenera kufika m'magolosale ogulitsa zitsulo a pa Kasinje, pamene khonsolo ya Ntcheu ndi mafumu akuyenera kuonetsetsa kuti makomiti omanga sukulu akulemba mtundu ndi kutalika kwa misomali m'mapangano awo ndi amisiri, denga lisanakwere.