Mankhwala a khansa ya ana afika, koma mwana ali ku Lundazi

Mu February 2025, bungwe la WHO pamodzi na cipatala ca St. Jude ca ku America anayamba kutumiza mankhwala a khansa ya ana kwaulele ku maiko 6, ndipo Zambia ili pakati pa maikowo. Tinakondwela. Colinga n'cakuti pofika 2030, ana 60 pa 100 alionse odwala khansa azicila. M'maiko olemela amacila oposa 80 pa 100, pomwe m'maiko ambili osauka sakwana 30.

Koma tifunse: kodi cimene cikutipha ana ni kusowa kwa mankhwala cabe?

Madokotala atalondola ana amene anali kulandila cithandizo ku UTH kuyambila 2008 mpaka 2010, anapeza kuti pafupifupi theka anasiya mankhwala pakati. Ocokela kutali ndiwo anali kusiya kwambili. Zaka zapitapo, ndipo zina zasintha, koma mtunda sunafupike. Kucoka ku Chipata kufika mu Lusaka ni makilomita oposa 500, ndipo wa ku Lundazi kapena ku Chama amayamba wavutika kale asanafike pa Chipata.

Khansa si malungo akuti masiku atatu munthu wadzuka. Cithandizo cimatenga miyezi, ndipo ca khansa ya m'magazi cimafika zaka ziwili. Amayi amagona pambali pa bedi, munda kumudzi wamela thengo. Mbuzi zimagulitsidwa imodziimodzi. Mwana wamkulu, nthawi zambili mtsikana, amaleka sukulu kuti aziphikila ang'ono ake. Wodwalayo naye amasanza, tsitsi limathothoka, ndipo amafunsa cifukwa cake anzake sabwela kudzamuona. Ndiye cotupa cikaphwa pambuyo pa mankhwala oyamba, makolo amati wacila, n'kukwela basi. Sitingawaweluze. Koma matendawa akasiyidwa pakati amabwelanso, ndipo ulendo waciwili amavuta kucilitsa.

Palinso kucedwa. Cotupa ca pa nsagwada cimene cimakula m'milungu yocepa, ca mtundu wa Burkitt, cimamva mankhwala bwino cikapezeka msanga. N'cimodzimodzi na cotupa ca impso cimene cimatupitsa mimba, komanso kadontho koyela m'diso la khanda. Koma kumudzi zizindikilo zotele zimayamba zachedwa zolodza. Banja limapita kwa sing'anga, kenako ku mapemphelo a usiku wonse, ndipo ku kiliniki limafika ndalama zitatha.

Apa ife a mipingo tisadzicotsepo. Alipo olalikila amene amauza makolo kuti kupitiliza mankhwala n'kucepa cikhulupililo. Mawu amenewo aika ana m'manda. M'busa amamvedwa kumene namwino samvedwa, ndipo angathe kupemphelela mwana m'mawa, n'kumuuza tate wake kuti masana apite naye ku cipatala.

Bungwe la Kayula Childhood Cancer Foundation lili na nyumba mu Lusaka yofikilamo ana odwala na owasamalila, koma nyumba imodzi singakwanile dziko lonse. Mipingo yathu ili na nthambi ku Lundazi komanso mu Lusaka muno. Pa malilo timasonkha mofulumila, bokosi, ufa na galimoto zimapezeka tsiku limodzi. Ndalama ya basi yobwelela ku cipatala pa tsiku limene dokotala analemba, ija ndiyo sitinaipezele mbale yake.